Chotupa cha m'chithokomiro cha mwana: chifukwa chake sichitengedwa ngati cha munthu wamkulu

Kawirikawiri amene amayamba kuona si dokotala ayi, koma mayi kapena azakhali. Mtsikana wa zaka 13 kapena 14 wakhala pamkeka akumuluka tsitsi, wadzutsa chibwano kuti amwe madzi, ndipo pamene akumeza, kambulu kakang'ono kakuoneka kakukwera n'kutsika kunsi kwa kholingo, mbali imodzi ya khosi. Sakumva kupweteka, thupi silikutentha, akudya bwinobwino ndipo kusukulu sakujomba. N'chifukwa chake mabanja ambiri amangoti ndi mwanabere ndipo aphwa yekha, kapena amati ndi chithokomiro chongoyamba kumene ngati chija anali nacho agogo ake, chimene anakalamba nacho osawavuta. Nthawi zambiri kambuluko sikakhaladi koopsa. Komabe madokotala a ana safuna kuti kangosiyidwa osaunikidwa, chifukwa chotupa cha m'chithokomiro cha mwana sichiyenda njira imene chimayenda cha munthu wamkulu.

Pa Chichewa tikati chithokomiro timaganiza za khosi lotupa, koma chiwalocho munthu aliyense amabadwa nacho. Chili kutsogolo kwa khosi, chili ndi mbali ziwiri zolumikizidwa ndi kamnofu kopyapyala pakati, ndipo chimaoneka ngati gulugufe amene watera panjira ya mpweya atatambasula mapiko. Ntchito yake ndi kutenga ayodini wa m'zakudya n'kupanga mahomoni awiri, T4 ndi T3, amene amalamula liwiro limene thupi limagwirira ntchito, kuyambira kugunda kwa mtima mpaka kagayidwe ka chakudya. Kwa mwana mahomoniwa ndi ofunika koposa chifukwa ubongo, mafupa ndi kutha msinkhu zimadalira iwo. Chithokomiro nachonso chimalamulidwa ndi homoni ina yotchedwa TSH, yochokera m'kachiwalo kakang'ono kamene kali kunsi kwa ubongo: mahomoni a chithokomiro akachepa m'magazi TSH imakwera kuti ichifulumize, akachuluka TSH imatsika. Kutupa kwa chiwalo chonse chifukwa chosowa ayodini, kumene mchere wothira ayodini wathandiza kwambiri kuchepetsa, ndi nkhani ina. Nkhani yathu ndi ya kambulu kamene kamera pamalo amodzi m'kati mwa chiwalocho.

Zotupa zoterezi n'zofala kwambiri kwa akuluakulu, makamaka amayi achikulire, ndipo mwa 100 zilizonse ndi 5 mpaka 10 zokha zimene zimapezeka kuti ndi khansa. Kwa ana zotupazi sizioneka kawirikawiri, koma zikaoneka, pafupifupi chimodzi mwa zinayi zilizonse chimakhala khansa. Bungwe la madokotala a chithokomiro la ku America, la American Thyroid Association, litatulutsa malangizo ake oyamba okhudza ana okhaokha m'chaka cha 2015, linaika chiwerengerochi pa 22 mpaka 26 mwa 100. Chaka chimenechi chisanafike, ana ankathandizidwa kwambiri potsata malangizo olembedwera akuluakulu. Bungwe lofanana nalo la ku Ulaya linatulutsa malangizo ake a ana m'chaka cha 2022. Khansayi imapezeka kwambiri kwa achinyamata a zaka 15 mpaka 19, ndipo pa msinkhu umenewu atsikana amachuluka kangapo kuposa anyamata.

Pano ndi pamene pali chinthu chovuta kufotokozera kholo, chifukwa chimamveka ngati chikudzitsutsa. Pafupifupi khansa 9 mwa 10 zilizonse za m'chithokomiro cha ana ndi za mtundu wotchedwa papillary, ndipo mtunduwu ukapezeka mwa mwana nthawi zambiri umakhala utafalikira kale kuposa mmene umapezekera mwa wamkulu. Ana ambiri amafika kuchipatala khansayo italowa kale mwa anabere a m'khosi, ndipo ena itafika m'mapapo. Kholo likamva mawu akuti yafika m'mapapo limataya mtima, poti pa khansa zina zambiri mawu amenewa amatanthauza kuti zinthu zafika poipa. Koma pa khansa imeneyi si choncho. Ana oposa 95 mwa 100 amakhala adakali moyo patapita zaka 20 kapena 30, kuphatikizapo ambiri mwa amene inali itafalikira. Tanthauzo lake n'lakuti dokotala ali ndi zolakwa ziwiri zoti apewe, osati chimodzi. Akhoza kupeputsa kambulu n'kuchedwetsa chithandizo mpaka opaleshoni itakhala yaikulu ndi yovuta, kapena akhoza kuchita mantha n'kupereka chithandizo chopyola muyezo kwa mwana amene ali ndi zaka 60 kutsogolo kwake zoti akhale ndi zilema zimene chithandizocho chasiya. Pafupifupi chilichonse m'malangizo amakono chinalembedwa pofuna kudutsa pakati pa ziwirizi.

Chimene chimadziwika motsimikizika kuti chimayambitsa khansayi ndi cheza cha radiation, ndipo dziko linaphunzira zimenezi mowawa. Pa 26 Epulo 1986 malo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl, m'dziko la Ukraine, anaphulika n'kumwaza m'mlengalenga ayodini wa mtundu wotulutsa cheza, wotchedwa ayodini 131. Anagwera pamsipu, ng'ombe zinadya, ndipo ana anamwa mkaka. Chithokomiro sichisiyanitsa ayodini wabwino ndi woopsa, chimangotenga, ndipo m'madera ambiri a kumeneko anthu ankasowa ayodini m'zakudya, choncho zithokomiro za ana zinamuyamwa ngati nthaka youma ikalandira mvula yoyamba. Patangopita zaka zinayi kapena zisanu madokotala a ku Belarus anayamba kuona ana aang'ono ali ndi khansa imene poyamba ankaiona mwa apo ndi apo. Pofika 2005, komiti ya bungwe la United Nations yofufuza za cheza inawerenga anthu oposa 6,000 a ku Belarus, Ukraine ndi Russia amene anadwala khansayi, onse amene anali ana kapena achinyamata pa nthawi ya ngoziyo. Omwalira nayo pofika chaka chimenecho anali 15. Manambala awiriwa akaikidwa pamodzi akusonyeza zonse ziwiri: kuti chithokomiro cha mwana wamng'ono sichichedwa kuvulazidwa ndi cheza, komanso kuti khansa yake imachizika.

Kwa madokotala a masiku ano gulu limene amalisamala kwambiri ndi la ana amene anachira khansa ina atawotchedwa ndi cheza m'mutu, m'khosi kapena pachifuwa, monga odwala khansa ya Hodgkin kapena zotupa za mu ubongo. Ana amenewa amafunika kuwagwira khosi chaka chilichonse kwa moyo wawo wonse, popeza chotupa chikhoza kutuluka patapita zaka 10, 20 kapena kuposerapo. Palinso matenda ochepa oyenda m'magazi a banja, okhudza tizigawo ta chibadwa totchedwa DICER1, PTEN ndi APC, amene amakweza chiopsezo. Komabe ana ambiri amene amadwala khansayi alibe chilichonse mwa zimenezi, ndipo makolo ayenera kuuzidwa momveka kuti palibe chakudya, mankhwala kapena kusasamala kwawo kumene kunabweretsa matendawa.

Wina angafunse kuti bwanji osangounika ana onse kusukulu kuti khansa ipezeke msanga. Yankho linachokera ku Japan. Ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima itachitika mu Malichi 2011, akuluakulu a chigawocho anaunika ndi makina makosi a ana pafupifupi 300,000, ndipo m'gawo loyamba lokha anapeza oposa 100 okhala ndi khansa kapena zokayikitsa. Cheza chimene ana a kumeneko analandira chinali chochepa kwambiri poyerekeza ndi cha ku Chernobyl, ndipo komiti ya United Nations ija inaona kuti kuchuluka kwa odwalawo kunabwera makamaka chifukwa cha kuunika kwenikweniko, kumene kunavumbula tikhansa ting'onoting'ono timene tina mwa ito sitikanamuvuta munthu kwa zaka zambiri. Choncho mwana wathanzi wopanda chiopsezo chilichonse saunikidwa chithokomiro mwachisawawa. Amaunikidwa amene ali ndi chooneka kapena chogwirika, kapena amene mbiri yake ikupereka chifukwa.

Mwana akafika kuchipatala, ntchito imayamba ndi mafunso komanso manja. Dokotala amafunsa kuti kambuluko kanayamba liti, kakukula mofulumira bwanji, mawu asasa kapena ayi, kumeza kukuvuta kapena ayi, mwanayo analandirapo chithandizo cha cheza, ndiponso ngati kubanja kuli amene anachitidwa opaleshoni ya chithokomiro. Kenaka amaima kumbuyo kwa mwanayo, n'kuika zala pakhosi, n'kumupatsa madzi kuti ameze. Chotupa cha m'chithokomiro chimakwera pomeza. Kathumba kobadwa nako kamene kamakhala pakati penipeni pa khosi, kotsalira panjira imene chithokomiro chinatsikira mwana ali m'mimba, kamakwera mwana akatulutsa lilime. Kwathu kuno kusiyanitsa kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa mwana wotupa m'khosi amayamba waganiziridwa matenda ofala monga TB ya anabere, matenda a kukhosi kapena khansa ya Burkitt, ndipo n'zomveka kutero. Koma mwanabere wolimba, wosapweteka, amene sakuphwa ngakhale mwana wamaliza mankhwala, ayenera kukumbutsa wachipatala kuti aunikenso chithokomiro, pakuti kwa ana ena mwanabere woteroyo ndiye chizindikiro choyamba cha khansa imene yabisala m'munsimo.

Kuyeza magazi kumene kumafunika poyamba ndi kwa TSH. Ikapezeka yotsika kwambiri, zimasonyeza kuti chotupacho chikupanga mahomoni pachokha mosalamulirika. Choterocho kawirikawiri sichikhala khansa, ngakhale kuti kwa ana madokotala ambiri amasankha kuchotsa mbali imene chili. TSH ikakhala bwinobwino sizitanthauza kuti palibe vuto, chifukwa ana ambiri odwala khansayi magazi awo amaoneka abwino.

Chida chachikulu ndi sikani ya ultrasound, yomwe ija amaunikira amayi oyembekezera, yopanda cheza ndiponso yosapweteka. Wounika amayang'ana ngati chotupacho ndi cha madzi kapena cha mnofu, ngati chikuoneka chakuda kuposa mnofu wozungulira, ngati m'mphepete mwake ndi mosalala kapena mwamanyanomanyano, ngati chili ndi timadontho towala tokhala ngati mchenga, komanso ngati ndi chachitali kuposa mulifupi mwake. Sayenera kulekera pa chithokomiro chokha, koma aunike anabere a mbali zonse za khosi. Kwa akuluakulu kukula kwa chotupa kumathandiza kwambiri posankha chochita, koma kwa mwana sentimita imodzi m'chithokomiro cha wa zaka 6 si yofanana ndi sentimita imodzi mwa munthu wa zaka 50, choncho maonekedwe ndi mbiri zimalemera kuposa muyezo. Palinso misampha iwiri yodziwika kwa ana. Kachidutswa ka chiwalo cha m'chifuwa chotchedwa thymus kakhoza kusochera n'kukhala m'chithokomiro, n'kumaoneka ngati khansa pamene si khansa. Ndipo mtundu wina wa khansa ya papillary supanga kambulu n'komwe, umangofalikira mbali yonse n'kuilimbitsa, moti ukhoza kutengedwa ngati kutupa wamba.

Chotupa chikakhala chokayikitsa, amatengako maselo ndi kasingano. Mwana amagona chagada, kapilo kali pansi pa mapewa kuti khosi litambasuke, namwino atamugwira dzanja. Dokotala amaika kachida ka sikani pakhosi, ndipo akuyang'ana pagalasi la makina amalowetsa singano yopyapyala kuposa yotengera magazi, n'kuigwedeza pang'ono m'kati mwa chotupacho kwa masekondi ochepa. Kadontho kamene katuluka amakapaka pakagalasi kuti kakaonedwe pa maikulosikopu. Amabwereza kawiri kapena katatu. Wachinyamata wofotokozeredwa bwino amapirira ndi mankhwala ochititsa dzanzi pakhungu, koma wamng'ono nthawi zina amafunika kumugoneka. Zotsatira zimaikidwa m'magulu 6 a dongosolo lotchedwa Bethesda, dzina la mzinda wa ku America kumene linakonzedwera: gulu loyamba ndi lakuti maselo sanakwane, lachiwiri ndi lakuti si khansa, lomaliza ndi lakuti ndi khansa, ndipo atatu apakatiwo ndi okayikitsa mosiyanasiyana. Magulu apakatiwa ndiwo amasowetsa mtendere. Mwa ana amapezeka kuti ndi khansa kawirikawiri kuposa mwa akuluakulu, n'chifukwa chake malangizo a 2015 anati ndi bwino kuchotsa mbali imodzi ya chithokomiro kuti iunikidwe yonse kusiyana n'kumangobwereza singano. Pa mtundu wachiwiri wa khansayi, wotchedwa follicular, singano singathe n'komwe kupereka yankho, chifukwa chimene chimasonyeza kuti ndi khansa ndi kuboola kwake chikopa chokuta chotupacho kapena kulowa m'mitsempha ya magazi, ndipo zimenezi zimaoneka pokhapokha chotupa chonse chili patebulo la mu labotale. Chotupa chimene chapezeka kuti si khansa chimangolondoledwa ndi sikani pakapita miyezi 6 mpaka 12, ndipo chimachotsedwa ngati chikukula, chikupanikiza kholingo kapena chapitirira masentimita 4.

Khansa ikatsimikizika, chithandizo chenicheni ndi opaleshoni, ndipo apa ndi pamene tsogolo la mwana limapangidwa kwambiri. Kwa ana ambiri a khansa ya papillary amachotsa chithokomiro chonse, chifukwa khansayi imakonda kukhala m'malo angapo ndiponso mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi anabere amene akhudzidwa. Masiku ano akatswiri ena akulola kuchotsa mbali imodzi yokha ngati khansa ndi yaing'ono, ili pamalo amodzi ndipo sinafalikire, koma nkhaniyi idakali yokambirana. Kuseri kwa chithokomiro kumadutsa timitsempha tiwiri toyendetsa mawu, ndipo kamodzi kakaduka mwana amasasa mawu, tonse tiwiri tikavulala amavutika kupuma. Komwekonso kuli tiziwalo tinayi tokhala ngati njere za mpunga, totchedwa parathyroid, timene timasunga kashiamu wa m'magazi pa muyezo wake. Tikavulala, mwana amayamba kumva dzanzi m'milomo ndi kunsonga za zala tsiku loyamba kapena lachiwiri chichitireni opaleshoni, zala n'kumapinimbira zokha, ndipo zikakhala kuti tawonongekeratu adzamwa kashiamu ndi vitamini D moyo wake wonse. M'khosi mwa mwana zonsezi ndi zazing'ono kwambiri, ndipo mavutowa amachitika kawirikawiri kwa ana kuposa akuluakulu. N'chifukwa chake malangizo aja amanena mosabisa kuti opaleshoniyi achite ndi dokotala amene amachita maopaleshoni a mtunduwu osachepera 30 pachaka. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ndi imene kholo liyenera kuigwiritsa kuposa ina iliyonse. Khansa ya papillary imakula pang'onopang'ono, moti kudikira masabata angapo kuti mwana atumizidwe kuchipatala chachikulu, kumene kuli dokotala wozolowera ntchitoyi, n'kwabwino kuposa kuthamangira opaleshoni ya mawa m'manja osazolowera.

Kwa zaka zambiri pafupifupi mwana aliyense ankapatsidwanso ayodini 131 pambuyo pa opaleshoni. N'zodabwitsa kuti ayodini yemwe uja anadwalitsa ana a ku Chernobyl ndi amene wakhala mankhwala a khansayi kuyambira m'ma 1940: maselo a khansa ya chithokomiro nawonso amamwa ayodini, ndipo akamwa wochuluka wotulutsa cheza amafa kulikonse kumene abisala, ngakhale m'mapapo. Koma mankhwalawa ali ndi mtengo wake pathupi. Akhoza kuwononga tiziwalo topanga malovu n'kusiya m'kamwa mouma ndi mano ovunda, akhoza kuumitsa mapapo akabwerezedwa kambirimbiri, ndipo amakweza pang'ono chiopsezo cha khansa ina mtsogolo. Choncho tsopano mwana amaikidwa m'gulu la chiopsezo chochepa, chapakati kapena chachikulu malinga ndi zimene zapezeka pa opaleshoni, amayezedwanso pasanathe masabata 12, ndipo ayodini amapatsidwa amene ali ndi umboni wakuti matenda atsalira. Amene akulandira amasala zakudya za ayodini kwa masabata awiri, amakwezedwa TSH dala kuti maselo akhale ndi njala, ndipo akamwa mankhwalawo amakhala patali ndi ana anzake ndi amayi oyembekezera kwa masiku angapo. Madokotala aphunziranso kuti kuona maso a nkhono n'kudekha: khansa ya m'mapapo mwa mwana imapitiriza kuchepa kwa chaka kapena kuposerapo pambuyo pa mlingo umodzi, ndipo ana ena amakhala ndi timadontho tosakula m'mapapo kwa zaka makumi angapo ali bwinobwino, kotero kubwereza mankhwala mpaka chithunzi chiyere si cholinga ayi.

Mtundu wachitatu, wa medullary, ndi wosowa ndipo uli ndi malamulo akeake. Suchokera m'maselo omwa ayodini, choncho ayodini 131 sagwira ntchito, ndipo umalondoledwa poyeza homoni ya calcitonin, imene maselo a khansayi amapanga. Mwa ana kawirikawiri umachokera kwa makolo kudzera m'kachigawo ka chibadwa kotchedwa RET, pa matenda oyenda m'magazi a banja otchedwa MEN2. Banja likadziwika kuti lili nawo, ana amayezedwa magazi ndipo chithokomiro chimachotsedwa khansa isanayambe: pa mtundu woopsa kwambiri wa MEN2B mwana asanakwanitse chaka, pa mitundu ina ya chiopsezo chachikulu asanapitirire zaka 5. Kwa ana ochepa amene khansa yawo ikukulabe ngakhale alandira zonse, pabwera mankhwala atsopano monga larotrectinib ndi selpercatinib, olimbana ndi kusintha kwa tizigawo ta chibadwa ta NTRK ndi RET kumene kumapezeka kwambiri mwa ana kuposa akuluakulu, koma ndi okwera mtengo ndipo amafuna kuyeza kwapadera.

Wochotsedwa chithokomiro chonse amamwa kapiritsi ka levothyroxine, kolowa m'malo mwa homoni ya T4, tsiku lililonse mpaka kalekale. Kufunika kwa mahomoni a chithokomiro kunaoneka kale mu 1883, pamene dokotala wa ku Bern m'dziko la Switzerland, Theodor Kocher, anaitanitsanso odwala amene anawachotsa chithokomiro chonse n'kupeza kuti ambiri afooka, atupa nkhope, nzeru zagona, ndipo amene anachitidwa ali ana apinimbira. Kapiritsiko amamwa m'mamawa ndi madzi, m'mimba mulibe kanthu, n'kudikira theka la ola kapena ola asanadye phala, ndipo mapiritsi a ayironi kapena kashiamu amawatalikitsa ndi maola 4. Mlingo wake umaikidwa moti TSH ikhale yotsikirapo, chifukwa TSH imadyetsanso maselo a khansa amene angakhale atatsalira, ndipo umasinthidwa mwana akamakula. Pa ulendo uliwonse wa kuchipatala amayezedwa thyroglobulin, puloteni imene imapangidwa ndi maselo a chithokomiro okha, moti ikayamba kukwera mwa munthu wopanda chithokomiro imakhala ikunena kuti pena pake pali chimene chadzuka.

Khansayi ikhoza kubwerera patapita zaka 20 kapena 30, ndipo nthawi imene ambiri amasowa pa kalondolondo ndi ya unyamata, pamene mwana wapita kusukulu yogonera komweko, mapiritsi atha pakati pa teremu, chipsera cha pakhosi akuchibisa ndi kolala ya yunifomu, ndipo iye akudziona kuti ali bwino. Nthawi yomweyo ndi imene amachoka m'manja mwa madokotala a ana n'kupita kwa a akuluakulu amene sakumudziwa. Mtsikana uja wochitidwa opaleshoni ali ndi zaka 14 akhoza kudzakhala ndi pakati ali ndi zaka 25, ndipo mlingo wa levothyroxine udzafunika kukwezedwa m'masabata oyambirira enieni, chifukwa ubongo wa khanda lake udzadalira mahomoni a mayi. Namwino wa kusikelo amene adzamulandire tsiku limenelo adzadziwa zimenezi pokhapokha ngati m'kabuku kake ka kuchipatala munalembedwa mtundu wa khansa, tsiku la opaleshoni, kuchuluka kwa ayodini amene analandira ndi zotsatira za TSH yomaliza.